Kubweza mphamvu ya Corolla yokalamba

Pa galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu, ilipo ina imene amakaniko akaiona ikulowa pagalaja mtima wawo umakhala m'malo. Ndi Toyota Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, ija anthu a ntchitoyi amangoitchula ndi nambala yake, AE100, kapena mng'ono wake AE110. Yoyambayo inatuluka ku Japan mu 1991, inayo mu 1995. Zambiri mwa zimene zinafika kuno zili ndi injini ya 5A-FE, ya masilinda anayi ndi mavavu 16, kukula kwake 1,498 cc. Si injini ya liwiro. Anaipangira munthu wopita kuntchito ndi kumsika, ndipo anaipanga mosabisa kanthu: ukatsekula boneti zonse zili poyera, dzanja likufika paliponse.

Kwawo galimotozi zinachokako zisanatope. Ku Japan galimoto yatsopano imakayesedwa ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama moti ambiri amaona kuti bola kuigulitsa. Choncho zinakwera sitima, n'kudzatsika pa madoko monga la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, chiwongolero chili kale kudzanja lamanja poti ife ndi anzathuwo tonse timayenda kumanzere kwa msewu. Zimene zinadzapeza kuno n'zina: fumbi la mwezi wa Okutobala, maenje a nthawi ya dzinja, matumba a chimanga m'buti. Lero zonse zapyola zaka 20, zina 30, koma zikuyendabe. Dzina la Toyota palokha silingayendetse galimoto zaka zonsezi. Pali manja amene akuzigwiriziza.

Ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre amakaniko ndi mbwee, ndipo wofuna kungosinthitsa chipangizo sasowa womusinthira. Mmisiri weniweni amadziwika ndi chinthu chimodzi: sathamangira sipanala. Ndikunena za bambo ena achikulire amene galaja yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango, kontena ya zipangizo ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Mwini galimoto akafika, dandaulo limakhala lomwe lija: "Bambo, yasiya kukoka, komanso ikumwa mafuta." Iwo boneti saigwira kaye. Amayamba ndi mafunso. Vutoli linabwera pang'onopang'ono kapena tsiku limodzi? Imavuta m'mawa injini isanatenthe, kapena mukayenda mtunda? Mafuta omaliza munathira a papampu kapena a m'zigubu? Anaigwira komaliza ndani, ndipo anasintha chiyani? Funso lomalizali eni ake ambiri amaliyankha monyinyirika, komatu ndi limene limafupikitsa ntchito, chifukwa matenda ambiri a galimoto yakale amachokera m'manja mwa munthu.

Mfundo imene bambowa amagwirira ntchito ndi yosavuta kuinena. Injini imeneyi inatuluka m'fakitale ili ndi mphamvu yokwanira. Mphamvuyo sinathawe usiku umodzi. Yakhala ikutayika apa pang'ono, apo pang'ono: pa fyuluta yotsekeka, pa pulagi yodyeka, pa kapaipi kong'aluka, pa buleki imene ikugwira tayala osaiuza. Ntchito yawo ndi kuyenda m'malo onsewo n'kumatolera zimene zinatayikazo.

Akamaliza mafunso amauza mnyamata kuti ailize. Amaima chete, mutu atapendeketsa. Kenako amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuikhazika pa injekita yoyamba, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu. Injekita yamoyo imamveka kuti tiki-tiki-tiki mosadukiza. Amasuntha n'kumvera yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ikapezeka ina yolira mosiyana ndi zinzake amangoisunga mumtima. Amamveranso olotaneta ndi pampu ya madzi, malaya atapisira bwino kuti lamba angawakole. Akachoka apo amazungulira kumbuyo, n'kuika dzanja pafupi ndi pakamwa pa ekizozi. Mpweya uyenera kugunda chikhatho mofanana; ukamadumphadumpha ndiye kuti silinda ina ikuphonya. Utsi nawo uli ndi nkhani yake. Wakuda ndi petulo wochuluka amene sakupsa yense. Wabuluu ndi oyilo. Woyera umene sukutha ngakhale injini yatentha ndi madzi amene alowa kosayenera.

Pa utsi wabuluu m'pamene ndinaona kuti kudekha kumapulumutsa ndalama za anthu. Makaniko wopupuluma akangouona amagamula kuti maringi atha, injini itsitsidwe. Bambowa amafunsa kuti utsiwo umatuluka nthawi yanji. Ngati umatuluka m'mawa poliza, n'kutha pakapita mphindi zochepa, kawirikawiri olakwa ndi timphira ta pamwamba pa mavavu, timene tauma ndi ukalamba n'kumalola oyilo kudonthera m'silinda usiku wonse. Kusintha timphirato ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kuphwasula injini yonse. Ndipo sakhulupirira maso okha. Amachotsa mapulagi onse, n'kumanga geji yoyezera mpweya pa silinda iliyonse, mnyamata akuponda moto mpaka pansi n'kumazunguza injini ndi kiyi. Chimene amayang'anitsitsa ndi kugwirizana kwa masilinda anayiwo. Buku la Toyota limati asasiyane kupyola pafupifupi bar imodzi. Silinda ina ikatsalira, amadonthezeramo oyilo pang'ono n'kuyezanso. Nambala ikakwera, oyilo uja watseka mpata wa maringi odyeka. Ikapanda kukwera, mpweya ukuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi. Kasupuni kamodzi ka oyilo kauza mwini galimoto kumene ndalama zake zikuyenera kupita.

Mapulagi aja sawataya pansi mwachisawawa. Amawayala pakansalu mwa ndondomeko yake, yoyamba mpaka yachinayi, n'kuitana anyamata kuti adzaone. "Iwe, tandiuza, iyi ikuti chiyani?" Pulagi ya silinda yabwino imakhala youma, yotuwa mofiirira. Ya mwaye wakuda wouma ikunena za petulo wochuluka kapena mpweya wochepa. Yonyowa ndi oyilo yanena kale nkhani yake. Yoyera mbee yokhala ngati yapserera ikuchenjeza za kutentha kopyola muyeso. Koma imene imawadetsa nkhope ndi pulagi imodzi yoyera bwino ngati yatsukidwa pamene zinzake zili ndi mtundu wa masiku onse, chifukwa chimene chimatsuka pulagi chotero ndi nthunzi ya madzi odutsa pa gasiketi yopsa. Mnyamata akayankha molakwa samukalipira. Amamupatsa pulagiyo kuti ainunkhize, aikhudze ndi chala, ayeserenso.

Pali kachipangizo kena kamene kamakhala m'thumba la ovololo yawo, ndipo ndi kawaya chabe kopindidwa. M'chipinda cha injini ya Corolla za nthawi imeneyo muli kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Akalumikiza ndi kawayako mabowo awiri otchedwa TE1 ndi E1, n'kutembenuza kiyi osaliza injini, nyali ya injini ya padashibodi imayamba kuphethira. Ikamaphethira mofanana osapumira ndiye kuti kompyuta ilibe dandaulo. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, nambala yake ndi 22: sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Kawiri kenako kamodzi ndi 21, sensa yonunkhiza utsi m'paipi ya ekizozi. Ngakhale kompyuta yatchula dzina, iwo sathamangira kukagula sensa yatsopano. Amatsatira waya wake kaye ndi chala, chifukwa nthawi zambiri sensayo ilibe mlandu. Waya wathetheka ndi kutentha, kapena polumikizira pachita dzimbiri. Kawaya komweko kali pomwepo, injini itatentha bwino, amaunika ndi nyali yoyezera nthawi ya moto pa chizindikiro cha pa pule, n'kumasuntha disitibyuta pang'ono kwambiri mpaka chizindikiro chiime pa madigiri 10. Galimoto zambiri zimafika moto utachedwetsedwa kapena kufulumizitsidwa ndi munthu amene anayeza ndi khutu lokha. Khutu la bambowa ndi lakuthwa, komabe pa ichi amati khutu silikwanira.

Tsopano tifike pa nkhani imene amakangana nayo anthu kwambiri. Kuno kuli mwambo woti galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, kapena ikangowira kamodzi, thermostat ichotsedwe, ati poti inapangidwira kumaiko ozizira. Ena amawonjezera kulumikiza fani mwachindunji kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Bambowa akatsekula n'kupeza malo a thermostat ali pululu amapukusa mutu. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha pa mlingo wake. Thermostat ndi kachitseko kamene kamatsekera madzi m'injini mpaka afike pafupifupi madigiri 82, nambala imene inadindidwa pa iko komweko, kenako n'kuwatsekulira njira ya ku rediyeta. Kachitsekoko kakachoka, madzi amangozungulira ku rediyeta kuyambira poliza, injini n'kumachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza kapena potsetsereka mtunda wautali. Injini yozizira ili ngati moto wa nkhuni zonyowa, umene umafuna kusonkhezera kwambiri kuti uyake. Sensa ija imauza kompyuta kuti kukadali kozizira, kompyuta n'kumawonjezera petulo. Petulo wotsala wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda, n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Mwini wake amaona singano ya kutentha ili pansi n'kumakondwa, pamene thumba lake likutha papampu ndipo maringi akudyeka.

Galimoto ikamawira, chifukwa chake chimakhala kwina, ndipo bambowa amachisaka mpaka achipeze. Amayendetsa chikhatho pa rediyeta injini itazimitsidwa, kufuna malo ozizira pakati pa otentha, chizindikiro choti timapaipi tina tatsekeka. Chimene chimatitseka kawirikawiri ndi madzi a pamjigo kapena a pampopi othiridwa okha zaka ndi zaka, amene amasiya miyala ndi dzimbiri. N'chifukwa chake iwo amaumirira madzi osakaniza ndi mankhwala ake a kulanti. Amaona chivundikiro cha rediyeta, chija cholembedwa 0.9. Anthu amachiyesa chotsekera wamba, koma sipuling'i yake ndi imene imapanikiza madzi kuti asawire mpaka atapyola madigiri 110. Mphira wake ukatha, madzi amawira msanga ngakhale china chilichonse chili bwino. Thermostat yakale akaikayikira saiweruza ndi maso. Amatuma mnyamata kuti atereke kapoto ka madzi pambaula, n'kuimiza m'madzimo atamangirira kuwaya. Onse atatu amazungulira kapotoko. Madzi asanafike powira, kachitseko kaja kamayamba kuyasama pang'onopang'ono, akakatulutsa kamatsekanso. Kakatero kabwerera m'malo mwake, kabowo kake kotulutsira mpweya kataloza kumwamba. Kakapanda kutero, kagulidwe katsopano, koma malowo sakhala opanda kanthu.

Za mpweya ndi mafuta ndi ntchito ya masiku onse, ndipo amaigwira mwakachetechete. Fyuluta ya mpweya amaiyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, nthawi yake yatha. Pakhosi polowera mpweya amapatsuka mwaye umene umachititsa injini kunjenjemera kapena kuzima pamphambano. Timapaipi ta mphira ting'onoting'ono amatipinda kamodzikamodzi kufuna ming'alu, poti injini yoyamwa mpweya wakuba siikhazikika. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Injiniyi imamuwotcha bwinobwino, koma ethanol amakoka chinyezi, choncho galimoto yokhalitsa pamalo thanki ili pafupifupi mbee imachita dzimbiri m'kati. Pampu ya mafuta nayo imakhala m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi petulo amene yamiramo. Amene amayendera malita awiriawiri, nyali ya mafuta ili chiyakire, akuifupikitsira moyo. Bambowa amadziwa kuti ambiri satero mwadala, ndi mmene thumba lilili, ndiye salalata. Amangolangiza kuti zikatheka singano ya mafuta isamagone pansi.

Oyilo amati asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse pamodzi ndi fyuluta yake, chifukwa cha fumbi lathuli. Kuthira oyilo wolimba kwambiri pofuna kubisa utsi amakana, makamaka akadziwa kuti galimotoyo ikukonzedwera kugulitsidwa. Timing belt, lamba wa mano amene amagwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu, amasinthidwa pa makilomita 100,000. Galimoto zambiri zimabwera ndi kapepala komatidwa pa injini kosonyeza pamene anasinthidwa komaliza ku Japan, koma patapita zaka zonsezi kapepalako n'kongokumbukira; iwo amatsekula chivundikiro n'kuona msana wa lambayo ndi mano ake. Injiniyi ili ndi chifundo chakuti lamba akaduka mavavu sagundana ndi mapisitoni monga zimachitikira pa injini zina. Komabe chifundo chimenecho sichingakutonthozeni lamba akakudukirani usiku pakati pa Zalewa ndi Balaka.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mphamvu ina imatayikira pansi pa galimoto. Akabwerako koyesa, bambowa amayenda kuzungulira, n'kumayandikitsa kuseri kwa dzanja pa limu lililonse. Limene latentha kuposa anzake lili ndi buleki yogwira. Kawirikawiri ndi timapini ta kalipa timene tauma girisi. Kutitsuka ndi kutipaka kumabweza liwiro ndi mafuta zimene mwini wake ankazifunafuna ku injini. Mpweya wa m'matayala amauyeza ndi geji potsatira kapepala ka pamphuthu pa chitseko, osati kumenya tayala ndi phazi. Matayala a kaunjika amawawerenga zaka: manambala anayi a m'mbali mwake, monga 2318, akutanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2018, ndipo mphira wokalamba umauma ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Manati a matayala a galimotozi amafuna 103 Nm, ndipo mnyamata amene angakwere pa sipanala ndi miyendo yonse iwiri pomanga amayambiranso ntchitoyo.

Kwa iwo galimoto yoyenda bwino ndi imene imaimanso bwino. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa amawira msanga akatenthedwa. M'tauni simungadziwe. Mudzadziwira pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena pa mapiri otsikira ku Chikwawa, phazi likangolowa mpaka pansi popanda chogwira. Amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo aliyense amene wawauza kuti akupita kunyanja kapena kuchigwa amamukumbutsa kutsika ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira.

Achinyamata amabwera ndi zofuna zina. Wina akufuna malimu aakulu onyezimira, wina ekizozi yobangula, wina achotse bokosi la fyuluta aike ija yooneka ngati chulu. Bambowa amawamvetsera mwaulemu, kenako n'kuwafotokozera. Malimu aakulu ndi olemera, ndipo injini ya 1,498 cc imawamva ponyamuka. Tayala lopyapyala la pamenepo silipirira dzenje. Fyuluta yapoyera imayamwa mpweya wotentha wa m'mbali mwa injini pamodzi ndi fumbi, pamene bokosi la fakitale linaikidwa kuti lizikoka wozizirirapo. Phokoso limawonjezereka, kukoka ayi. Zilipo zosintha zimene amavomera ndi mtima wonse: matayala abwino a saizi yake, mashoko ndi mabushi atsopano kuti galimoto igwire msewu, kutsuka ndi kulimbitsa mawaya a ethi kuti sitata izizungulira mwamphamvu ndi nyali ziwale. Kukweza galimoto ndi masipesa chifukwa cha mabampu ndi misewu ya kumudzi amalola, koma pang'ono, chifukwa mukaikweza kwambiri mashafuti a kutsogolo amagwira ntchito atapindika ndipo majointi ake amatha msanga. Ndimagwirizana nawo pa zonsezi. Corolla imene yabwezeredwa zonse zimene inabadwa nazo imakwera chitunda mopepuka kuposa inzake yovekedwa zokongoletsa za ndalama zambiri.

Galimoto zimene zikubwera pagalajapo masiku ano zikusintha. Corolla ya mu 2000 inabwera ndi injini ya 1NZ-FE, ya tcheni m'malo mwa lamba, yopanda disitibyuta. Vitz, Passo ndi Sienta zadzaza m'misewu, zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT imene imafuna mafuta akeake ndipo imawonongeka ikathiridwa ena. Kawaya kopinda kaja kakupereka malo kwa makina owerengera kompyuta, ndipo pa makinawo anyamata aja ndi amene amafulumira kuposa mphunzitsi wawo. Iwo sachita nazo manyazi. Amawauza kuti awerenge, awauze chimene makina anena. Akamva, amawatuma kukatsatira waya, kukaona pulagi, kukagwira paipi, chifukwa makina amangotchula dera limene kuli vuto, ndipo kupeza vutolo kukadali kwa munthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito yotereyi timailipira molakwika. Makaniko akasintha chipangizo chachikulu timapereka ndalama mosawiringula, poti taona chitsulo chatsopano. Akatha maola awiri akumvetsera, kuyeza ndi kutsatira mawaya, n'kupeza kuti vuto linali kapaipi ka mphira kotalika ngati chala, timati, "Ndiye kameneka basi?" n'kuyamba kunenerera. Tikamatero tikuphunzitsa anyamata ophunzira ntchito kuti kufufuza kulibe phindu, phindu lili pa kugulitsa masipeya. Inu amene muli ndi galimoto yakale, mukapeza makaniko wofunsa mafunso asanagwire sipanala, muuzeni zoona zonse za galimotoyo, ngakhale za amene anaigwira iye asanaione. Musamuimirire pamsana kuti afulumire. Ndipo akakupezerani vuto laling'ono pamene inu mumayembekezera lalikulu, mulipireni maola amene wathera polifunafuna.